Injini ikatopa: kuikonza kapena kugula ina?

Mvula ya mu Disembala ikakhazikika ku Mwanza, kapinga sachedwa kufika m'mawondo. Ambirife timangotenga chikwakwa, kuchinola pamwala, n'kuyamba kutchetcha. Koma m'malo ena pa boma, monga nyumba zogona alendo, matchalitchi ndi maofesi, muli makina otchetchera kapinga amene amagona m'sitolo chilimwe chonse, n'kudzakumbukiridwa udzu ukakula. M'mawa wina ndinapeza bambo wachikulire, amene amalondera ndi kusamalira pabwalo pa malo ena otere, akulimbana ndi makinawa. Anakoka chingwe kasanu, kakhumi, mpaka malaya kunyowa. Pamene injini inalira, inalavula utsi wabuluu wonunkha oyilo, makina anayenda mapazi angapo, n'kuzima.

"Abwana akuti tingogula injini ina," anatero akupukuta thukuta. "Koma ine, achimwene, mmene ndikuimvera, ikadali ndi moyo iyi."

Mawu omwewa mungawamve tsiku lililonse pansi pa mitengo ya m'mbali mwa msewu wa M6, uja wochokera ku Zalewa kukathera pa chipata cholowera ku Zobue, pamene amakaniko amamasula njinga zamoto za kabaza. Mungawamve kudimba m'mphepete mwa mtsinje wa Mwanza, pampu ikayamba kutsamwa tomato atangochita maluwa. Mungawamve kwa wometa tsitsi amene jenereta yake yayamba kudya oyilo ngati petulo. Onsewa ali ndi ndalama yochepa m'manja, ndipo njira ndi ziwiri: kuithira m'chitsulo chakale, kapena kuisunga mpaka ikwane chatsopano.

Ndaona kuti ambiri timayankha funsoli tisanadziwe chimene chatha m'kati mwa injiniyo. Wina amakonza kachitatu injini imene inafa kale, poopa mtengo wa yatsopano. Wina amataya injini yabwinobwino imene imangofuna kutsuka kabuleta, poopa utsi. Onse awiri aluza, ndipo chimene chawaluzitsa n'chimodzi: anaweruza asanayeze.

Banja limodzi la injini

Makina otchetchera kapinga, pampu yothirira, jenereta yaing'ono ndi njinga ya kabaza zimaoneka zosiyana, koma injini zake n'zapachibale. Zonse zili ndi pisitoni imodzi, zimazizira ndi mphepo osati madzi, ndipo zambiri zimatsata njira imene Nikolaus Otto anaikhazikitsa ku Germany mu 1876. Pisitoni imatsika kukoka mpweya wosakanikirana ndi petulo, imakwera kuufinya, pulagi imathetheka moto umene umaikankhira pansi mwamphamvu, kenaka imakweranso kutulutsa utsi. Injini ya pampu ikamalira ndi mphamvu zake zonse imazungulira ka 3,600 pa mphindi. Pa ola limodzi lothirira ndiye kuti yazungulira ka 216,000, ndipo chimene chikuteteza zitsulo zonsezo kuti zisadyane ndi oyilo wongopitirira pang'ono theka la lita.

Chibalechi chili ndi mbiri yake. Mapampu ndi majenereta ambiri a m'misika yathu ali ndi injini zopangidwa ku China motengera Honda GX160. Mukasuzumira pambali pake, kawirikawiri mupeza nambala yoyamba ndi 168F. Njinga zambiri za kabaza, zimene zinachuluka kuno polowera ku Mozambique, zili ndi injini zotengera Honda CG125 ya mu 1975 kapena Super Cub ya mu 1958. CG125 inapangidwa dala poganizira mayiko amene njinga imasenza katundu wolemera koma siionana ndi makaniko kawirikawiri. Poti mafakitale ambiri amapanga injini zofanana, masipeya ake amalowana, ndipo amapezeka ngakhale pa msika wa pa boma.

Makina otchetchera kapinga ndiwo mwana wamasiye m'banjali. Anayambira ku England, kumene Edwin Budding anapanga oyamba mu 1830, ongokankha ndi manja opanda injini. Amene amafika kuno nthawi zambiri amakhala ndi injini za Briggs & Stratton, kampani ya ku Milwaukee ku America, kapena zina zotengera zomwezo. Poti makinawa ndi ochepa, wamalonda sasunga masipeya ake, ndipo kachitsulo kakang'ono kakhoza kukuyendetsani makilomita pafupifupi 100 mpaka ku Blantyre kapena ku Limbe. Ulendo umenewo nawo umalowa m'mtengo wa kukonza.

Chimene chimatopetsa injini

Injini siikalamba ndi zaka ngati munthu. Imakalamba ndi maola amene yalira, ndi zimene yameza m'maolawo.

Mdani woyamba ndi fumbi. Yendani msewu wa ku Thambani kapena wa ku Kunenekude mu Okutobala, muone mmene nkhope imatuwira pofika. Fumbi lomwelo ndilo injini ikupuma. Kasiponji kosefa mpweya kakang'ambika, kapena mwini akakachotsa poti kakutsekereza, fumbi limalowa n'kusakanikirana ndi oyilo, n'kukhala ngati mchenga umene amayi amakwechera mapoto. Choyamba kudyeka ndi maring'i, timphete tachitsulo tozungulira pisitoni, timene timatseka mpata pakati pa pisitoniyo ndi khoma la buloko. Tikatha, mphamvu ya moto imathawira pansi, oyilo amakwera pamwamba n'kumapsa. Pamenepo pamatuluka utsi wabuluu, ndipo amakaniko amati injini ikudya oyilo.

Mdani wachiwiri ndi oyilo wokalamba kapena wochepa. Injini zing'onozing'ono zambiri zilibe fyuluta ya oyilo ngati ya galimoto, choncho litsiro lonse limangozungulira momwemo. N'chifukwa chake opanga amalangiza kusintha oyilo wa pampu pa maola 100 alionse, wa makina a kapinga pa maola 50 kapena kamodzi pa chaka, ndi kufupikitsa nthawiyi kumene kuli fumbi. Ambirife timangowonjezera pamwamba pa wakale. Ndalama ikavuta, ena amagula wa m'mabotolo osalembedwa, osadziwa kumene wachokera. Oyilo akalephera ntchito, malo oyamba kupsa ndi pamene konirodi, womwe ndi mkono wa pisitoni, imagwira kilanki. Pamenepo pakachita mpata, mumamva kugogoda kochokera pansi penipeni pa injini, ndipo anthu amati yanoka.

Wachitatu ndi kutentha. Mwanza ndi dziko la zitunda. Njinga imene inapangidwira anthu awiri ikasenza matumba a nandolo kapena madengu a manachesi, n'kumakwera phiri pa giya yoyamba dzuwa lili paliwombo, mphepo yoiziziritsa imachepa pamene moto m'kati ukuchuluka. Pa makina a kapinga ndi pa pampu, udzu ndi matope zimamata timizere tachitsulo ta pa buloko, timene ntchito yake ndi kutaya kutentha. Injini yotenthedwa imawotcha gasiketi ndi mavalavu, ndipo ikafika poipa pisitoni imamatirira m'buloko.

Wachinayi ndi petulo, ndipo uyu ndiye amanamiza anthu kwambiri. Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Injini imene ikulira tsiku ndi tsiku siidandaula naye. Koma akagona m'thanki miyezi ingapo, amakoka chinyezi, amauma, n'kusiya utomoni umene umatseka timabowo ta m'kabuleta, tina tochepa ngati diso la singano. Makina a kapinga amagona chilimwe chonse, pampu imagona dzinja lonse, n'chifukwa chake zonse ziwiri zimavuta kuliza nyengo yake ikafika. Onjezanipo mafuta a m'zigubu amene ambiri tinazolowera kugula kuyambira pamene mafuta anayamba kusowasowa mu 2022. M'chigubu mumatsala madzi ndi litsiro, ndipo zonsezo zimathera m'kabuleta. Injini yotere imatsamwa, imazimazima, imaoneka ngati yatha, chonsecho m'kati mwake mulibe chimene chadyeka.

Yezani musanaweruze

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Musanalole kuti injini imasulidwe, ndiponso musanapite kusitolo, pali zinthu zimene zingaonedwe pa ola limodzi popanda chida chodula.

Yambani ndi zotsika mtengo. Khuthulani petulo wakale, tsukani kabuleta, sinthani kosefera mpweya, ikani pulagi yatsopano, thirani oyilo wabwino pa mlingo wake, ndipo makaniko atchune mavalavu. Kenaka ilizeni. Injini zambiri zimene eni ake anali atazitaya kale mtima zimadzuka pamenepa.

Ikapitiriza kuvuta, yang'anani utsi. Wakuda ukunena kuti petulo wachuluka kuposa mpweya, ndipo limenelo ndi vuto la kabuleta kapena la kosefera. Wabuluu kapena wotuwa umene umatha pakapita mphindi zochepa kawirikawiri umachokera ku oyilo amene anathiridwa mopyola muyeso, kapena amene anayenderera pamene makina anagonekedwa cham'mbali. Wabuluu wosatha, umene umakula injini ikatentha ndi kulemedwa, ndiwo wa maring'i. Pulagi nayo imachitira umboni. Ikakhala yofiirira ndi youma, moto ukuyaka bwino. Yakuda ngati mwaye ikuloza kabuleta. Yakuda ndi yonyowa oyilo ikuloza m'kati.

Kenaka imvani mphamvu ya kufinya. Kokani chingwe pang'onopang'ono, kapena pondani kiki mosathamanga. Injini yamoyo imafika pena n'kukana, ngati ikukubwezani. Yotopa imangozungulira mopepuka. Tsono chotsani pulagi, thirani kasupuni kamodzi ka oyilo pabowo pake, bwezerani pulagi n'kukokanso. Ikalimba, ndiye kuti oyilo uja watseka kwa kanthawi mpata wa maring'i, ndipo vuto lili pamenepo. Ikakhala yofooka chimodzimodzi, mpweya ukuthawira kwina, pa mavalavu kapena pa gasiketi ya kumutu, zimene n'zosavuta kukonza.

Oyilo wakale muthireni m'mbale yoyera n'kuika padzuwa. Akamanyezimira ngati muli mamba a usipa, dziwani kuti zitsulo zikudyana. Tcheraninso khutu injini ikulira. Kaphokoso kakuthwa ka kumutu ndi ka mavalavu, ndipo sikoopsa. Kugogoda kolemera kwa pansi, kumene kumakula mukawonjezera moto, ndiko kofunika kuzimitsa injini nthawi yomweyo.

Pa makina a kapinga palinso china. Mpeni ukamenya mwala kapena chitsa, shafuti imene imauzungulitsa imatha kupindika. Zulani kaye waya wa pulagi kuti injini isalire mwangozi, kenaka zungulitsani mpeniwo mosamala n'kuona ngati ukuyenda mowongoka kapena ukuvina. Nthawi zina chimene chathyoka ndi kakiyi kakang'ono ka pa fulayiwilo, kamene kanapangidwa dala kofewa kuti kazithyoka m'malo mwa zitsulo zodula. Kameneko n'kotchipa, koma kakathyoka injini siilira bwino, ndipo munthu wosadziwa amayesa kuti yafa.

Pamene kukonza kuli ndi phindu

Injini ili ndi mbali ziwiri, kumutu ndi kumimba. Kumutu kuli mavalavu, gasiketi, pisitoni, maring'i ndi buloko. Kumimba kuli kilanki, konirodi, mabering'i ndi chigoba chimene chimasunga zonsezi. Matenda a kumutu amachizika. A kumimba ndiwo amafuna kuganiza kawiri.

Pa njinga yamoto, buloko imamasuka payokha. Mukhoza kugula buloko, pisitoni, maring'i ndi magasiketi pamodzi, makaniko n'kumanga tsiku limodzi, pa mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi injini yathunthu. Njira ina ndi kukakulitsa bowo la buloko yakale pa makina, ndi mamilimita 0.25 kapena 0.50, n'kuikamo pisitoni yokulirapo. Imeneyi imafuna ulendo wa ku Blantyre, choncho imathandiza makamaka ngati buloko yakaleyo ndi ya chitsulo chabwino chimene simungachipezenso. Injini za mapampu za mtundu wa GX zili ndi khoma la chitsulo cholimba m'kati mwa buloko, ndipo khomalo likakhala losalala, maring'i okha amakwanira. Makaniko wabwino amayendetsa chikhadabo pakhomapo. Chikakodwa m'mzere, maring'i atsopano sakhalitsa.

Apa ndi pamene makina a kapinga amasiyana ndi anzawo. Injini zawo zambiri zotsika mtengo zili ndi buloko ya aluminiyamu yokhayokha, youmbidwa pamodzi ndi chigoba. Khoma lake likakandika kwambiri, palibe buloko yapadera yoti mugule. Ndiye kuti theka la injini lapita. Koma likakhala bwino, kunola mavalavu ndi kusintha maring'i kumawapatsa zaka zina zingapo, poti makinawa amalira maola ochepa pa chaka.

Kukonza kulinso ndi ubwino umene suoneka pa lisiti. Injini yanu mukuidziwa: mukudziwa amene anaiyendetsa, oyilo amene inamwa, ndi tsiku limene inayamba kusuta. Injini yakale ya chitsulo chabwino, ikakonzedwa mwaluso, imatha kukhalitsa kuposa yatsopano yotchipa. Koma lusolo lili ndi zofunika zake. Injini isamasulidwe pa dothi mphepo ikuuluza fumbi. Pakhale tebulo, kapena thumba loyera loyalapo. Chitsulo chilichonse chitsukidwe chisanabwerere. Masipeya akale abwezedwe kwa mwini kuti aone chimene chasinthidwa. Ikamangidwa, iyende mopepuka masiku oyamba, osasenza matumba kapena kukwera mapiri, ndipo oyilo woyamba achotsedwe msanga, poti ndiye amatola tizitsulo ta maring'i atsopano. Injini zambiri zimene zimafa pa mwezi umodzi zitachitidwa ovaholo, kutanthauza kumasulidwa ndi kumangidwanso, zimafera pamenepa.

Pamene kukonza kuli kutaya ndalama

Ndinaonapo mnyamata wa kabaza atakankha njinga yake mtunda wautali kudzafika nayo kwa makaniko. Inali itanoka kachiwiri pa miyezi yochepa. Makaniko atatsegula, anagwira konirodi n'kuikweza ndi kuitsitsa, ndipo inkagogoda m'manja mwake. Bering'i imodzi inkangozungulira m'malo mwake, poti chigoba chinali chitadyeka. Anaitana mnyamatayo kuti agwire yekha.

"Mphwanga, ndikhoza kukumangira, ndalama yako n'kudya," anatero. "Koma pakutha mwezi ubweranso, ndipo udzandida. Iyi yafika."

Mnyamatayo anakhala chete nthawi yaitali. Njingayo anaigula ndi ngongole ya ku banki m'khonde, ndipo anali asanamalize kubweza. Komabe mawu a makanikowo ndiwo anamupulumutsa, chifukwa ndalama ya ovaholo ina ikanangowonjezera ngongole popanda kubweza njinga pamsewu.

Zizindikiro za injini imene yafika n'zodziwika. Chigoba chang'aluka, kapena konirodi inathyoka n'kuchiboola. Malo okhala mabering'i akula. Kilanki yadyeka kapena yapindika. Ena amaiwongola ndi nyundo, koma shafuti yowongoledwa yozungulitsa mpeni wa kapinga ikhoza kuthyoka makina akulira, mpeni n'kuvulaza munthu. Injini inamira m'madzi n'kukhala masiku osatsegulidwa mpaka dzimbiri kulowa paliponse, monga zinachitikira makina ambiri m'chigawo cha kummwera pa namondwe Freddy mu Malichi 2023. Kapena kumutu ndi kumimba kwatha pamodzi, mwakuti chotsala chabwino ndi thanki yokha.

Muyeso umene ine ndimautsata ndi wa theka. Phatikizani mtengo wa masipeya onse, malipiro a makaniko, ndi thiransipoti yokasaka masipeyawo. Zikapyola theka la mtengo wa injini yatsopano yofanana nayo ubwino, yambani kuganiza zogula. Zikakhala pansi pa gawo limodzi mwa magawo atatu, konzani mosakayika. Pakati pamenepo, chimene chimaweruza ndi ubwino wa chitsulo chakalecho, ndi ngati aka n'koyamba kutsegulidwa kapena n'kachitatu.

Yatsopano nayo ili ndi mafunso ake

Kugula sikuti kumathetsa nkhani. Funso loyamba ndi lakuti, kodi ilowa? Injini ya makina a kapinga ili ndi shafuti yoloza pansi, pamene ya pampu ndi ya jenereta ili ndi yoloza cham'mbali, ndipo sizisinthana. Ngakhale zoloza cham'mbalizo zimasiyana kunsonga: ya pampu kawirikawiri ili ndi mazinga, ya jenereta ndi yosongoka, ina ndi yowongoka yokhala ndi mpata wa kiyi. Utali ndi unenepa wa shafuti, komanso malo a mabawuti, ziyenera kufanana ndi zakale. Njira yabwino ndi kunyamula injini yakaleyo popita kusitolo.

Funso lachiwiri ndi la chimene mukugulacho. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pali injini zopakidwa utoto wofiira ndi kumatidwa dzina la kampani yotchuka pamene sizinatuluke m'fakitale yake. Pali zakale zimene zatsukidwa ndi kupentedwa. Injini ya ku China yogulitsidwa m'dzina lake lenileni, pa mtengo wake weniweni, ilibe vuto, ndipo zambiri zimagwira ntchito bwino zikasamalidwa. Choopsa ndi kulipira mtengo wa orijino pa chinthu cha feki. Funsani lisiti, funsani ngati angaibweze ikavuta masabata oyamba, ndipo funsani ngati masipeya ake amapezeka ku Mwanza konkuno.

Pa njinga yamoto palinso nkhani ya mapepala. Injini iliyonse ili ndi nambala yake, ndipo nambalayo imalembedwa m'zikalata za njinga ku Road Traffic. Mukasintha injini, zikalata ziyenera kusinthidwanso. M'boma la m'malire ngati lathu, kumene katundu amalowa ndi kutuluka m'njira zambiri, injini yogwiritsidwapo kale ntchito yotchipa modabwitsa, yopanda lisiti, kapena yofufutidwa nambala, ikhoza kukhala ya njinga imene mwini wake anaberedwa. Kugula yotere ndi kudziitanira mlandu, ndiponso ndi kudyetsa msika umene wavulaza anyamata ambiri a kabaza.

Funso lomaliza ndi la thupi lonse la makinawo. Injini yatsopano pa makina a kapinga amene chiwaya chake chaboola ndi dzimbiri, mawilo akugwedera, ndi ndalama yokwiriridwa. Chimodzimodzi pampu imene mbali yake yokoka madzi yatha, kapena njinga imene felemu yake yawotcheredwa katatu. Pamenepo funso limakula: mwina ndi nthawi ya makina ena athunthu, mwinanso ya njira ina. Kabwalo kakang'ono chikwakwa chimakakwanitsa, ndipo chimapatsa munthu ganyu. Dimba lokhala pafupi ndi madzi likhoza kuthiriridwa ndi pampu ya sola, imene imadula pogula koma siifuna petulo kapena maring'i.

Masamu a kwathu kuno

Malangizo ambiri a pa intaneti amachokera ku America ndi ku Ulaya, ndipo amafulumira kunena kuti tayani, gulani ena. Kumeneko n'zomveka, chifukwa maola ochepa a makaniko amadula ngati makina atsopano. Kuno zinthu n'zotembenuka: chitsulo ndicho chodula, poti chimagulidwa ndi madola, pamene manja amalipidwa m'makwacha. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa injini yathunthu unathawa anthu ambiri. Masipeya nawo anakwera, koma pa ovaholo mumagula zitsulo zochepa zokha, zotsalazo n'zanu kale. N'chifukwa chake kuno sikelo imapendekera ku kukonza kuposa mmene imachitira kunja. Ngakhale ku Ulayako ayamba kubwerera: mu 2024 European Union inakhazikitsa lamulo lolimbikitsa kukonza zipangizo monga mafiriji ndi mafoni m'malo mozitaya.

Koma pali mtengo wina umene sitiuwerengera, wa masiku amene makina aima. Wakabaza njinga ikagona sabata kudikira sipeya, ndiye kuti sabata yonse kunyumba kulibe ndiwo, pamene ngongole ikuyendabe. Pampu ikafa mu Seputembala, masiku anayi opanda madzi akhoza kupha mbewu ya miyezi itatu. Pa nthawi yotere, kugula injini lero kukhoza kukhala kotchipa kuposa kukonza sabata yamawa, ndipo yakaleyo n'kuikonza pang'onopang'ono kuti idzakhale yodikirira. Makina a kapinga alibe changu chotero. Udzu ukhoza kudikira, kapena kutchetchedwa ndi manja. Nzeru yaikulu ndi kukonza pa nthawi imene makinawo akupuma: pampu m'dzinja, makina a kapinga m'chilimwe, njinga nyengo ya manachesi isanayambe.

Ndiponso kutchipa kwa manja kusatipusitse. Makaniko amene wathera ola akumvetsera, akuyeza, n'kukuuzani zoona, wagwira ntchito ngakhale sanamange kanthu, ndipo ayenera kulipidwa. Tikamalipira okhawo amene amasula injini, tikuwaphunzitsa kumasula ngakhale posafunika. Anyamata ambiri a pansi pa mitengo aja anaphunzira poonera, ndipo ali ndi makutu akuthwa, koma alibe zida zoyezera mpata wa maring'i kapena kulimba kwa mabawuti. Bungwe loona za maphunziro a ntchito za manja la TEVETA, limene lakhalapo kuyambira 1999, pamodzi ndi makhonsolo, likanachita bwino kufikira amisiri oterewa komwe ali, chifukwa chuma cha mabanja ambiri chili m'manja mwawo.

Makina otchetchera kapinga a bambo olondera aja anapita kwa makaniko tsiku lotsatira. Kabuleta inapezeka itamata utomoni wa petulo wa chaka chatha. Kosefera mpweya kanali konyowa oyilo, poti m'sitolo muja makinawo anawagoneka cham'mbali kuti apeze malo a matumba a simenti. Chingwe chinkakana bwinobwino pokoka, oyilo wa m'mbale sananyezimire, mpeni unkazungulira mowongoka. Pofika madzulo makinawo anali akudya kapinga, utsi utatha. Tsiku lina maring'i ake adzatha ndithu, ndipo tsiku linanso kilanki idzatopa, abwana adzagula injini ina, ndipo pamenepo adzakhala atachita bwino. Chimene bambowo anapempha chinali chochepa: kabuku kolembamo tsiku losintha oyilo, ndi chilolezo choti mvula ikatha mu Epulo azikhuthula petulo yense, kuliza injini mpaka izime yokha, n'kuimika makinawo pa mawilo ake onse anayi.